Fani Yachitatu Kuchokera Kumanzere

Ine nyimbo sindizikonda. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti tisadzavutane kutsogoloku, chifukwa anthu ndikawauza zimenezi amandiyang'ana ngati ndanena kuti ndimadya sopo. Ena amati ndikunama. Ena amati sindinakumane chabe ndi nyimbo yondiyenera, ndiye amatulutsa foni n'kuyamba kundiyesa imodziimodzi ngati nsapato. Ndimangodikira mpaka atatopa. Oimba sindidana nawo ayi, ambiri ndi anthu aulemu ndipo mafiriji awo amawasamala. Kungoti kwa ine nyimbo ndi phokoso limene anthu amalichita dala.

Ntchito yanga ndi yokonza mafiriji, mafani, makina ochapira zovala ndi china chilichonse chokhala ndi mota m'mimba. Ndaigwira zaka makumi atatu ndi chimodzi m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya penti, komwe zenera lake ndi limodzi ndipo limayang'ana khoma. Chida changa chachikulu si sipanala, ndi khutu. Ndimatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga yake n'kuigunditsa pa mota, chogwirira chake n'kuchikanikiza pakhutu, kenako n'kutsinzina. Mota yabwino imalira liwu limodzi losasintha. Liwulo likangoyamba kukwera ndi kutsika, ndiye kuti china chake chatha m'katimo. Nanga nyimbo n'chiyani? Ndi mawu okwera ndi kutsika kuyambira poyamba mpaka pothera. Zaka zonsezi khutu langa laphunzira kuti amenewo ndi matenda, ndiye wina akufuna kuti ndiziwaombera m'manja.

Tsono Mulungu ali ndi nthabwala zake. Anandipatsa mwana mmodzi yekha, wamkazi, ndipo mwanayo ndi woimba.

Pakhomo timamuitana kuti Kamluzu. Anthu amaganiza kuti dzinali linabwera chifukwa cha kuimba, koma ayi. Ali wamng'ono ankadwala mphumu, ndipo ikamugwira chifuwa chake chinkaliza kamluzu kakang'ono popuma. M'mawa uliwonse asanavale yunifomu ndinkamuimika pampando n'kuika khutu pamsana pake. Ndikamva kuti m'kati muli mbee, ankapita kusukulu. Ndikamva kamluzu kaja, ngakhale kali kutali bwanji, tinkalowera kuchipatala. Ndinachita zimenezi zaka zisanu ndi zitatu, mpaka matendawo anatopa naye n'kumusiya. Anatsala ndi dzina lokha.

Mlandu wanga ndi mwanayu unayamba ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Kusukulu kwawo kunali tsiku la makolo, ndipo anamusankha kuti aimbe yekha koyamba. Ndinapita nditavala tayi. Ndinakhala mzere wachinayi pafupi ndi mayi ake, manja pamaondo, ngati munthu. Tsoka ilo, kumbuyo kwa holoyo kunali firiji ya zakumwa, ndipo kompuresa, mota yake yoziziritsa, inkagogoda. Munthu wamba sakanamva. Ine ndinamva kuti ikangotha ola lina ikugogoda choncho, ipsa. Ndinauza mayi ake kuti ndikungokaiona. Ndinapeza kuti kamphira ka pansi pa kompuresa kachoka pamalo, ntchito ya mphindi zitatu. Nyimbo ya mwana wanga nayonso inali ya mphindi zitatu. Pomwe ndinkadzutsa mutu kuseri kwa firiji ija, anthu anali akuomba m'manja.

Anandiuza pambuyo pake mayi ake kuti mwanayo ali kutsogolo kuja anandifunafuna ndi maso mzere wachinayi, osandipeza. Atakweza maso anaona matako a bambo ake atatulukira kuseri kwa firiji. Sanalire, sanandifunse kanthu. Kungoti kuyambira tsiku limenelo sanandiitanenso koimba kulikonse. Ankati akamatuluka ndi diresi lake lakuda, amauza mayi ake okha nthawi ndi malo, ine n'kundipatsa moni wabwinobwino ngati wa mlendo. Zaka khumi ndi ziwiri zinadutsa choncho. Ndamva kuti firiji ija ikugwirabe ntchito, koma zimenezi sindinazitchulepo pakhomo.

Tsiku lina Lachiwiri ndili m'kati mwa makina ochapira mpaka m'mapewa, ndinamva nsapato za Kamluzu pakhomo la kachipinda kanga. Sanabwereko chaka chonse. Tonse tinkadziwa kale kuti gulu lina la oimba la mumzinda wakutali lamutenga, ndipo kuti anyamuka kumapeto kwa mwezi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndinali nditavomereza. Anaika kapepala pachivundikiro cha makinawo n'kukapsinja ndi nati.

"Ababa, iyi ndi tikiti. Loweruka lomaliza mwezi uno, mu holo ya tauni, thiri koloko masana. Lolemba lake ndikunyamuka."

Ndinapukuta manja. Ndinati zikomo.

"Mukapanda kubwera sindidandaula, ndinazolowera. Koma mukabwera n'kudzukamo ndili pakati poimba, musadzafunse amayi chifukwa chimene sindikubwera pa tchuthi."

"Sindidzuka."

"Ndipo ikatha ndidzakufunsani zimene mwamva."

Anatuluka. Ndinatsala ndi tikiti m'manja, ndipo kunena zoona ndinachita mantha. Kukhala pansi ndikanatha, munthu ukhoza kudzimanga ndi lamba. Koma funso lija linandidya mutu. Ndikadzati zinali bwino, adzadziwa kuti ndikunama, chifukwa bodza langa limaonekera m'makutu, amafiira. Ndikadzanena zoona, ndiye kuti ndauza mwana wanga yekhayo, kutatsala masiku awiri kuti achoke, kuti chinthu chimene wachipatsa moyo wake wonse ndi phokoso. Ndinaganiza kuti mwina vuto ndi umbuli. Mwina nyimbo zili ngati waya wa kuseri kwa firiji, kuti ukapanda kudziwa umangoona chipwirikiti, koma ukadziwa umaona kuti aliyense akupita kwake. Safunsa anadya phula. Ndinatseka kachipinda n'kupita kwa mlamu wanga.

Mlamu wangayu ndi mchimwene wake wa mkazi wanga, mphunzitsi wopuma pantchito. Timawatcha a Katswiri, ndipo iwo amavomera dzinali mosaseka. Palibe chimene sadziwa. Amadziwa chifukwa chake mvula yachedwa, chifukwa chake mkate wa masiku ano sukoma, ndiponso chifukwa chake dokotala wawo walakwitsa. Nditawafotokozera vuto langa anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Alamu, mwabwera pamalo oyenera, koma mwachedwa ndi zaka makumi atatu. Munthu sangakonde chinthu chimene sakuchimvetsa. Amene amati akusangalala osamvetsa, ameneyo akungotengeka ndi phokoso ngati nkhuku."

Anandipatsa masabata atatu, madzulo aliwonse ndikaweruka, ola limodzi. Ankandikhazika pampando wa pabalaza pawo, n'kuyatsa chilimba chawo, iwo n'kuima pambali ndi rula. Anandiphunzitsa kuwerenga kugunda kwa nyimbo, inayi inayi kapena itatu itatu. Izi sizinandivute, ndimawerenga kuzungulira kwa mota. Anandiphunzitsa kusiyanitsa mawu a pamwamba ndi a pansi, pomwe woimba wayamba ndime, pomwe wabwereza, pomwe nyimbo yachoka pakhomo ndi pomwe yabwerera. Anafunsa kwa mkazi wanga nyimbo imene Kamluzu adzaimbe yekha, n'kuipeza itaimbidwa ndi mayi wina wake, ndipo tinaimvetsera kokwana makumi anayi. Amati mphini yobwereza imawala. Inawaladi. Pofika sabata yachitatu ndinkadziwa kuti nyimboyo ili ndi ndime zitatu, kuti yachiwiri imatsika kenako n'kukwera pang'onopang'ono, ndiponso kuti woimba piyano amalowa mochedwa dala.

"Nanga tsopano mukumva bwanji?" anandifunsa a Katswiri, maso akuwala.

Ndinaganiza kaye, chifukwa ndinkafuna kuyankha mwachilungamo. Ndinawauza kuti poyamba ndinkadana nayo mwaumbuli, koma tsopano ndikutha kuloza malo enieni amene ndikudana nawo.

Anati kumeneko ndi kupita patsogolo.

Lamlungu la sabata imeneyo a Katswiri anabwera kwathu kudzaonera mpira, chifukwa kanema wawo anali kwa wokonza. Mpira nawonso sindiukonda, koma suvuta, ukhoza kuutsitsa mawu. Ndinakhala pakati pa anthu awiriwa ndi fani ya munthu pamiyendo, ndikuimasula, n'kumaonerera iwowo.

A Katswiri mpira amaudziwa mpaka kuseri kwake. Amaonera atakwinya nkhope, chala chili m'mwamba. Osewera akapatsirana, iwo amati akanapatsa uyo. Akagoletsa, amati chigoli cha mwayi, otchinga kumbuyo anagona. Timu yawo yomwe ikapambana, amapita kwawo akudandaula kuti yapambana molakwika. Mkazi wanga ndiye sadziwa chilichonse. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri tili m'banja, lamulo la ofusaidi amufotokozera anthu asanu ndi mmodzi, ndipo onsewo anachoka atakalamba. Timu amasankha tsiku lomwelo, poona goloboyi amene akuoneka wosungulumwa. Tsiku limenelo anasankha ovala zachikasu. Atagoletsa anadumpha, nsalu ya patebulo n'kupita nayo, anavina kuzungulira mpando kawiri akululutira.

"Chemwali, khalani pansi," anatero a Katswiri. "Achikana chigolicho. Mbendera inakwera kalekale."

"Mpira unalowa kapena sunalowe?"

"Unalowa, koma sichiwerengedwa."

"Asawerenge iwowo. Ine ndavina kale, akandilande."

A Katswiri anatembenukira kwa ine. "Mwaona alamu? Izi ndi zimene ndimanena. Uku si kusangalala ndi mpira, uku ndi kusangalala ndi phokoso."

Mkazi wanga anatola nsalu ija n'kuikung'untha. "Achimwene, zaka makumi anayi mukuonera mpira. Tandiuzani tsiku limodzi lokha limene munasekapo."

A Katswiri anati kuseka si cholinga cha mpira.

Ine ndinabwerera ku fani yanga. Kumanja kwanga kunali munthu womvetsa zonse wosasangalala, kumanzere wosangalala wosamvetsa kanthu. Ine ndinali nditangophunzira kumvetsa, kusangalala osabwera, ndiye kuti ndinali nditatenga matenda a mlamu wanga n'kuwaphatikiza ndi anga. Kunatsala masiku asanu ndi limodzi.

Lachisanu a Katswiri anavomereza kuti mtima wanga sungakonzeke pa nthawi yake. Anati poti injini yakana, tingopenta galimoto. Anang'amba pepala m'kope n'kulemba chiganizo chimodzi ndi cholembera chofiira: "Mwanawe, wandigwira mtima m'ndime yachiwiri, pamene unatsitsa mawu n'kuwakweza pang'onopang'ono osathamanga." Anati ndiloweze, ndipo ndikamanena ndiziyang'ana pansi pang'ono. Ndinaloweza. Ndinachinena kwa firiji ziwiri ndi kwa wogulitsa penti, ndipo wogulitsa pentiyo anati zikomo.

Loweruka mkazi wanga anandisecha pakhomo ngati wapolisi. M'thumba la jekete anatulutsa sikuludiraiva yanga yaitali. M'thumba la malaya anatulutsa tesita ya magetsi. Anandiuza kuti ndikweze miyendo ya buluku, ndipo mu sokosi anapezamo kasipanala kakang'ono, kamene ngakhale ine sindikudziwa kuti kanalowamo bwanji. Zonse anaziponya m'chikwama chake n'kutseka zipi.

"Bambo a Kamluzu, lero ngakhale denga ligwe, mulisiye ligwe. Lili ndi eni ake."

Holo ya tauni ndi yaitali, ya mipando yamatabwa yopinda, ndipo masana amenewo munkatentha. Tikiti yanga inali ya mzere wachinayi. Sindikhulupirira kuti zinangochitika. Ndinakhala kumapeto kwa mzere, mkazi wanga pambali panga, a Katswiri kutsogolo kwake ndi kope pamwendo. Ndisanakhale n'komwe ndinayang'ana kumbuyo. Kunalibe firiji. Ndinapuma. Kenako wosamalira holo anapita pakhoma n'kuyatsa mafani.

Analipo asanu ndi imodzi, kudenga, mzere umodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja. Asanu ankazungulira ngati ana a munthu. Yachitatu kuchokera kumanzere inkati tiki, n'kuzungulira kawiri, tiki. Belingi youma, kachitsulo kamene fani imazungulirapo. Siikanagwa, siikanapsa tsiku limenelo, inkangofuna kuitsitsa, kuipukuta ndi kuipaka girizi. Ndinayang'ana mkazi wanga. Sanamve kanthu, ankakupiza pulogalamu kumaso akumwetulira anthu.

Gulu lonse linayamba kuimba, anthu ngati makumi atatu, ndipo phokoso lawo linakwirira fani ija. Ndinapirira. Ndinawerenga inayi inayi monga anandiphunzitsira, ndinazindikira pomwe abwereza, ndinaomba m'manja ena akaomba. A Katswiri ankalemba m'kope n'kumapukusa mutu. Mkazi wanga analira pa nyimbo yachiwiri, ndipo nditamufunsa monong'ona kuti ikunena chiyani, anati sakudziwa, ili m'chilankhulo china.

Kenako onse anakhala pansi, n'kutsala Kamluzu yekha pafupi ndi piyano, mu diresi lakuda. Anayang'ana mzere wachinayi. Anandipeza. Sanamwetulire, anangogwedeza mutu kamodzi ngati munthu amene wawerenga katundu n'kupeza kuti wakwana.

Nyimbo yake inali yofatsa, ya mawu apansipansi. Mu holo munangoti zii. Ndipo mu zii mmenemo fani ija inamveka ngati munthu akukhoma msomali m'mutu mwanga. Tiki. Tiki. Siinkagwirizana n'komwe ndi kugunda kwa nyimboyo, piyano inkayenda itatu itatu, iyo n'kumalowa pakati ngati mlendo wosaitanidwa. Switchi yake ndinali nditaiona kale, pakhoma la kumanzere, yachitatu pamzere, mapazi asanu kuchokera pampando wanga. Sindinkafuna kukonza chilichonse. Kungoizimitsa basi. Ndipo Satana wa amisiri anandinong'oneza zomveka ndithu: ukuchitira mwana wako yemweyo, fani ikumuwonongera nyimbo, mapazi asanu kupita, asanu kubwera, ndani aone? Ndinamva matako anga akunyamuka okha. Ndinakumbukira kuti ndi omwewa amene anawaona tsiku lija. Ndinawabweza, n'kulowetsa manja onse awiri pansi pa ntchafu, n'kuwakhalira.

Thukuta linatsika m'khosi. Ndinaona kuti mphindi zitatu sindizimaliza ndikumenyana ndi faniyo. Ndiye ndinachita zimene ndimachita kuntchito makina anayi akamalira nthawi imodzi, ine ndikufuna kumva amodzi. Umatsinzina, n'kumachotsa phokoso limodzilimodzi, ngati ukuvula zovala, mpaka utafika pa limene lili pansi pa onse. Ndinatsinzina. Mkazi wanga anandishina pantchafu poganiza kuti ndagona, koma sindinatsegule maso. Ndinachotsa fani. Ndinachotsa munthu wina amene ankatsokomola kumbuyo. Ndinachotsa piyano. Anatsala mawu a mwana wanga, akukwera ndi kutsika, ndipo pepani, nawonso ndinawachotsa, chifukwa khutu langa silidziwa kuima panjira.

Pansi pa zonsezo ndinapeza mpweya. Asanayambe mzere uliwonse ankakoka mpweya, msangamsanga, pang'ono chabe, ndipo maikolofoni inkautola. Ndinaudziwa nthawi yomweyo. Ndi umene ndinkaumvetsera pamsana pa kamwana koima pampando, kovala kabudula wamkati yekha, kakundiuza kuti ababa fulumirani ndikuzizidwa. Ndinayamba kudikira kamluzu kaja, monga ndinkachitira kale, mtima uli m'mwamba. Anakoka, mbee. Anatulutsa mzere wautali umene ine ukanandigwetsa pansi. Anakokanso, mbee. Mpweya unkalowa mpaka pansi penipeni, osakodwa paliponse, n'kutuluka wonse. Ndinayamba kuwerenga. Chifuwa chimene chinkalephera kukwera masitepe a kuchipatala chinali kudzaza holo ya tauni, ndipo ine ndinali ndisanachimvepo chikugwira ntchito yake, chifukwa zaka khumi ndi ziwiri ndinali kuseri kwa firiji. Ndinamva chisoni ndi zaka zimenezo, ndipo ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo pa makina alionse amene ndinakonza. Pomwe anthu ankaimirira kuomba m'manja, ine manja anga anali atachita dzanzi pansi pa ntchafu, ndipo ndinalephera kuomba.

Anthu atayamba kutuluka tinamudikira pafupi ndi siteji. Anabwera atanyamula maluwa, anakumbatira mayi ake, anapatsa moni amalume ake, amene anamuuza kuti woimba piyano anathamanga pang'ono. Kenako anaima patsogolo panga.

"Mwakhala."

"Ndakhala."

"Ndiye mwamva chiyani, ababa?"

A Katswiri anandigwedezera mutu. Ndinayang'ana pansi pang'ono monga anandilangizira.

"Mwanawe, wandigwira mtima m'ndime yachiwiri, pamene unatsitsa mawu n'kuwakweza pang'onopang'ono osathamanga."

Ndinachinena bwino, osaphonya liwu. Kamluzu anandiyang'ana kumaso. Kenako anayang'ana makutu anga.

"Ndime yachiwiri sindinaimbe. Tinaichotsa dzulo, pulogalamu inatalika."

A Katswiri anatsegula kope lawo n'kuyamba kufufuzamo ngati ndimeyo yagwera m'menemo. Mkazi wanga anayang'ana kudenga. Nkhope ya mwana wanga inatsekeka, ndipo ndinaidziwa nkhope imeneyo, ndi imene ankandipatsira moni zaka zonse zija. Anasuntha maluwa kuchoka kudzanja lina kupita ku lina.

"Palibe kanthu. Zikomo pobwera." Anayamba kutembenuka.

"Makumi atatu ndi kasanu ndi kawiri," ndinatero.

Anaima. "Chiyani?"

"Unakoka mpweya kokwana makumi atatu ndi kasanu ndi kawiri. Mawu aja ndi a amalume ako, anandilembera papepala, ali m'thumba umu. Nyimboyo sindinaimve. Ndayesetsa masabata atatu, ndikudziwa pomwe imayambira ndi pomwe imathera, koma sindiikonda, ndipo ndikuganiza kuti ndidzafa ndisanakonde nyimbo iliyonse. Ndinamvetsera chifuwa chako. Ka makumi awiri ndi kamodzi unakoka mochedwa, ndinaopa, koma unali chabe mzere wautali. Kamluzu mulibe, mwanawe. Ngakhale pang'ono. M'kati monse muli mbee."

A Katswiri anakonza kukhosi kuti afotokoze kuti kumeneko si kumvetsera nyimbo, koma chemwali wawo anawaponda phazi. Kamluzu anayang'ana maluwa ake, ndipo ndinaona kuti chibwano chake chikunjenjemera monga chinkachitira akakana kulira pobayidwa jakisoni.

"Makumi atatu ndi kasanu ndi katatu," anatero potsiriza. "Komaliza ndinaba pang'ono pakati pa liwu. Aphunzitsi anga sadziwa."

"Ndinakumva. Ndimaganiza kuti sukufuna ndikuwerengere."

Anaseka, misozi n'kugwa nthawi yomweyo, n'kuipukuta ndi kuseri kwa dzanja lonyamula maluwa. Kenako anakweza mutu kuyang'ana kudenga.

"Nanga ija munaimva?"

"Iti?"

"Ababa, musanamizire. Yachitatu kuchokera kumanzere. Yandizunza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine ndili itatu itatu, iyo ili tiki pakati. Ndinatsala pang'ono kutsika pasiteji kukaizimitsa ndekha."

Mkazi wanga anayang'ana mafani aja imodziimodzi. "Fani yake iti? Onse akungozungulira bwinobwino."

"Ine sindinamve fani iliyonse," anatero a Katswiri.

"Belingi," ndinauza mwana wanga.

"Youma," anatero iye. "Mumaganiza kuti khutu limeneli ndinalitola kuti? Kwa amalume?"

Wosamalira holo anali atayamba kupinda mipando. Kamluzu anapita kukalankhula naye, ndipo bamboyo anabwera ndi makwerero ndi kachitini ka girizi, akunena kuti faniyo wakhala akuinena kwa akuluakulu chaka chathunthu. Mkazi wanga anatsegula zipi ya chikwama, n'kutulutsa sikuludiraiva, tesita ndi kasipanala, n'kundipatsa chimodzichimodzi. Ndinavula jekete. Kamluzu anapatsa amalume ake maluwa kuti anyamule, anavula nsapato zazitali zija, n'kugwira makwerero ndi manja awiri, diresi lakuda lili choncho.

"Pa tchuthi mudzandionere fani ya kuchipinda kwanga," anatero ndili pa sitepe yachisanu. "Nayonso yayamba."

Ndinati ndidzaiona akadzabwera, chifukwa fani imafuna mwini wake alipo.

Ntchitoyo inali ya mphindi khumi. Ndili pamwamba, ndikumasula chivundikiro, ndinamva pansi pa makwerero Kamluzu wayamba kung'ung'udza nyimbo, mwina osadziwa n'komwe kuti akutero. Inali ndime yachiwiri ija, imene anaichotsa. Ndinaizindikira, inatsika kenako n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono. Sindinaikonde. Sikuluu yomaliza inali yofewa, ikanatuluka ndi zala, koma ndinaimasula pang'onopang'ono kwambiri kuti afike kumapeto.